A Gelesomu ndi Nambala Yofiira

Tsiku loika maliro a bambo Gelesomu ndinakalira maliro a munthu wina.

Ndinanyamuka ku Mitundu m'mamawa pa njinga, kudzera njira za m'midzi, ndipo nditayandikira Nathenje ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Sindinafunse. Ndinatsika, n'kuvula chipewa, n'kukankha njinga mpaka pasiwa, n'kukakhala kumbali ya amuna nkhope ili pansi. Kwaya inkayimba mogwira mtima. Mkulu wa mpingo ataimirira anayamba kutamanda womwalirayo: munthu wofatsa, wosadzikweza, woti ukamufunsa chinthu chimene sakuchidziwa ankangoti sakudziwa. Apo m'pamene ndinadzutsa mutu.

"Pepani achimwene," ndinanong'oneza bambo amene ndinayandikana naye, "kodi atisiyawa si a Gelesomu?"

"A Gelesomu a zikope aja? Amenewo ndi kutsidya kwa dambo. Ano ndi a mayi, ankagulitsa tomato pamsewu."

Ndinadzuka mwakachetechete ngati wopita kukataya madzi, tcheni cha njinga n'kuyamba kulira pakati pa pemphero. Koma chochititsa manyazi kwenikweni si kusokerako. N'chakuti kwa mayi wa tomato, amene sindinamuonepo ndi kamodzi komwe, m'maso mwanga munalengeza misozi. Nditawoloka dambo kufika kwa munthu amene ndinamutcha abambo kwa zaka zoposa makumi anayi, m'maso munauma gwa. Ndinayesa kukumbukira zachisoni zina, ngakhale mbuzi yanga imene inafa ndi chiphe chaka chatha, koma osatheka.

A Gelesomu anali amuna awo a mayi anga aang'ono, a Nambewe. Kwawo kunali ku Nathenje, koma anadzakhala chikamwini kwathu, mudzi wina kuseri kwa msika wa Mitundu. Abale awo mpaka lero amatinena kuti ndife anthu ouma mtima, chifukwa a Nambewe atamwalira zaka zinayi zapitazo tinawasudzula mkuluyo mwezi usanathe, tisanamange n'chiliza chomwe. Pamaliro paja ndinamva mayi wina akunena zimenezi mokweza dala kuti zindifike. Sindinayankhe, pamaliro sayankhirapo. Ndiyankha pano, poti pepala silikudula mawu.

Ine ndine telala. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma ndinatenga matenda owerenga chilichonse chimene chagwa pamaso panga: nyuzipepala zokulungira usipa, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, malangizo a pathumba la feteleza. A Gelesomu ankanditcha Pulofesa wa Singano. Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti ndi ulemu.

Iwo anagwira ntchito pachipatala china chaching'ono kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Inali ntchito yolemekezeka ndithu, akanakhala kuti ankaitchula dzina lake: kukolopa m'wodi, kuwiritsa majakisoni masiku amene ankawiritsidwa, kukankha odwala pa machira a matayala, kugwira miyendo ya ana pobaya. Chakumapeto anawaphunzitsa kubaya chala n'kudonthezera magazi pa kapepala, kenako kufanizira kufiira kwake ndi khadi la manambala. Nambala ikakhala yaing'ono, magazi ndi ochepa, munthu ali pangozi. Ikakhala yaikulu, magazi ndi ochuluka, apite kwawo akalime. Nzeru yonse ya a Gelesomu inayambira pa khadi limenelo n'kutherapo pomwepo. Atapuma ntchito anabwera kumudzi ndi chijasi choyera, chimene sitinadziwe ngati anachita kupatsidwa kapena chinangowatsatira, ndiponso ndi mawu akuti "ife a chipatala", amene sanawavulenso mpaka kumanda.

Moni wawo unali chala. Iwe ukamati mwadzuka bwanji, iwo akutsitsa kale chikope chako ndi chala chachikulu kuti aone kufiira kwa m'kati. Anatsitsa zikope za ogulitsa makala ochokera ku Dzalanyama, njinga zili chiimire ndi matumba. Anatsitsa za aphunzitsi, anatsitsa za abusa pakhomo la tchalitchi. Pa ukwati wina anatsitsa cha mkwatibwi pa nthawi ya perekaniperekani, utoto wa m'maso n'kumuyenderera patsaya, iwo n'kulengeza kuti mtsikanayo adye chiwindi asanaganize za mwana. Chala chomwecho n'chimene ankatapira fodya wamphuno.

Ankakonda kunena kuti wodwala amadziwa kupweteka kokha, matenda ndi a wachipatala. Ankati dokotala wotsegula buku pamaso pa wodwala sanamalize sukulu. Koma chachikulu, chimene ankachibwereza pa bawo mpaka anzawo kuchiloweza, chinali chakuti mawu oti sindikudziwa amapha wodwala msanga kuposa malungo, choncho munthu wovala zoyera asamawatulutse pakamwa. Alangizi a zaumoyo obwera kudzayeza ana sikelo ankawadziwa bwino. Ankaimirira kumbuyo kwawo atavala chijasi, n'kumawerengeratu kulemera kwa mwana muvi usanaime. Mtsikana wina wolimba mtima anawauza tsiku lina kuti, "Agogo, sikeloyi ili ndi maso ake, kakhaleni pamthunzi." Anadandaula mwezi wathunthu kuti masiku ano akulemba ntchito ana opanda mwambo.

Ndisawanamizire, kamodzi anapulumutsa munthu. Mayi wina woyembekezera anamupeza zikope zili mbee, ndipo iwo eni anamanga ng'ombe pangolo kupita naye kuchipatala, kumene anakamuwonjezera magazi. Mayiyo ali moyo, mwana wake ndi kondakitala wa minibasi. Koma woponya miyala mumtengo wa mango tsiku lonse salephera kugwetsa limodzi. Bango limodzilo a Gelesomu analidya zaka makumi awiri, ndipo ndi lomwe linatitseka pakamwa tonsefe.

A Nambewe anali munthu wa manja. Pa kusankha fodya panalibe wofanana nawo m'mudzi: tsamba ankalidziwa polikhudza, asanaliyang'ane. Ankayimbanso m'kwaya ya amayi, mawu apamwamba, ndipo ankatha kukoka mzere wautali wa nyimbo osapumira pakati. Nyamakazi inayambira m'manja momwemo. M'mawa zala zinkauma, osapindika mpaka dzuwa litakwera. Kenako mfundo zinatupa, manja onse awiri mofanana, ndipo patapita zaka zala zinapendekera mbali imodzi ngati chimanga chowombedwa ndi mphepo. Zinafika poti chitenje ankachita kumangidwa ndi anzawo. Amuna awo anatsitsa chikope, n'kugamula kuti magazi achepa, n'kuwaika pa mapiritsi a indosidi, bonongwe ndi zakumwa zofiira za m'botolo zija anthu amati zimawonjezera magazi.

Mwana wawo Tiyamike, amene amaphunzitsa ku Diamphwe, ndiye anatopa nazo. Pa holide ina anatenga mayi ake kupita nawo kuchipatala china mumzinda. Kumeneko anawatenga magazi m'timabotolo n'kuwauza kuti abwerenso pakapita milungu ingapo. Tsiku lokamva zotsatira linagwera pa mayeso, Tiyamike akuyang'anira ana olemba. Anaimba foni kunyumba kuti tsikulo alisinthe. Abambo ake anati palibe chifukwa, wachipatala alimo kale m'nyumba. Anasita chijasi.

Zimene zinachitika m'chipinda cha dokotala tinazimva mochedwa, a Nambewe akusimbira Tiyamike ali pabedi la m'chipatala. Dokotalayo anali mtsikana, ndipo anayamba bwino, m'Chichewa.

"Amayi, manjawa akuti bwanji masiku ano?"

Asanayankhe, a Gelesomu anakoka mpando kufupi ndi tebulo. "Adokotala, lankhulani ndi ine. Ndife anzanu a ntchito, zaka makumi atatu m'chipatala. Awa mungowasokoneza mutu." Anaponyamo ndi mawu awiri atatu a Chingerezi, chimene anali nacho chokwanira kudzaza kapu imodzi ya tiyi.

Dokotala anayang'ana chijasi, anayang'ana imvi, n'kukhulupirira. Anatembenukira ku Chingerezi cha kuchipatala, chothamanga, monga amalankhulira ndi anzake. Anazunguliza nambala ina papepala ndi cholembera chofiira, n'kulitembenuza, n'kulemba mizere ingapo kumbuyo. A Gelesomu ankagwedeza mutu pa mzere uliwonse. Pomaliza dokotala anafunsa m'Chichewa kuti, "Mukawafotokozera bwinobwino amayi kunyumba eti?" Iwo anati asadandaule.

Sanadikire kunyumba. Anafotokoza ali mu minibasi, mokweza kuti a kumpando wakumbuyo amve nawo.

"Nambewe, magazi ako ndi ochuluka kuposa a mnyamata wa mpira. Nambala yotere ine sindinaionepo. Mpaka adokotala aizunguliza ndi zofiira."

Zimene pepalalo linkanena ndinazidziwa patapita zaka ziwiri, pomva kwa Tiyamike ndi powerenga pa foni mpaka maso kuwawa. Ndizinena mmene telala angazinenere. M'thupi muli asilikali otiteteza ku matenda. Nyamakazi ya mtundu wa a Nambewe imabwera asilikaliwo akasokonezeka n'kuyamba kumenya mwini wake, ngati galu woluma mbuyake. Zida za asilikali opandukawo zimayandama m'magazi, ndipo pali mitundu yake imene a chipatala amatha kuiyeza. Nambala ija sinali kuchuluka kwa magazi. Inali kuchuluka kwa zida zimenezo. Zikachuluka chotero madokotala amachenjera, chifukwa kwa anthu ena nkhondoyo siithera m'mfundo. Imalowa m'mapapo mwakachetechete n'kumasiya zipsera, mapapo n'kumauma pang'onopang'ono ngati chikopa choyanikidwa padzuwa, osatamukanso pokoka mpweya. Nambala payokha sinena kuti mapapo agwidwa kale. Imangoti: munthu uyu muyang'anireni m'chifuwa. Ndipo ndi zimene dokotala analemba kumbuyo kuja. Abwerenso adzajambulidwe ndi kuyezedwa kapumidwe. Atalikirane ndi utsi ndi fumbi. Akayamba chifuwa chouma kapena befu, asadikire.

Sabata yomweyo a Gelesomu anapita nalo pepalalo pamalo ojambulitsira mapepala ku Mitundu n'kulikutitsa pulasitiki yolimba ngati setifiketi. Silinalowenso m'kabuku ka kuchipatala ka akazi awo, mmene likanawerengedwa ndi ena. Linkakhala m'thumba la chijasi, n'kumatuluka pa bawo, pamsika, pamaliro, ngati umboni wa zimene bonongwe ndi zakumwa zofiira zingachite zikakhala m'manja mwa munthu wodziwa. Tiyamike anauzidwa pa foni kuti zotsatira zatuluka bwino kwambiri. Mankhwala amene anapatsidwa mumzinda atatha, sanakatengenso ena. Wa magazi otere mankhwala ngachiyani?

Tsopano ndinene za Pulofesa wa Singano.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi anandiitana pakhonde. A Nambewe anakhala pamkeka chapatali, manja ali pamiyendo.

"Bwera kuno, Pulofesa. Mayi akowa akuti akumva kutopa. Tawawerengera wekha, mwina iwe akumvera."

Ndinapukuta magalasi, n'kulandira pepalalo ndi manja awiri. Munali mawu a Chingerezi amene sindinawaonepo, zilembo zoduladula, ndi nambala yaikulu m'kati mwa mkombero wofiira. Pambali pake panali kanambala kena kakang'ono, kamene ndikudziwa lero kuti kankasonyeza malire amene munthu wabwinobwino sapitirira. Kumbuyo kunali zolemba za dokotala, zonga mapazi a nkhuku pamatope. Sindinatolepo kanthu. Koma ndinali munthu amene mudzi wonse unkamubweretsera makalata kuti awerenge, ndipo mkulu wovala zoyera anali akundiyang'ana.

"Eee," ndinatero, "nambalayi ndi yaikuludi."

"Wamva, Nambewe? Ndi Pulofesa yemwe watero."

Nditafika kwathu ndinatsegula dikishonale yanga. Ndinaigula pa kaunjika wa mabuku itathothoka kale masamba oyambirira, moti imayambira pa chilembo C. Liwu lalikulu la papepala lija linkayamba ndi A. Ndinaitseka, n'kunena mumtima kuti ndidzafunsa wina. Sindinafunse.

Nyengo ya fodya itafika, a Nambewe analowa m'chigafa monga mwa zaka zonse. Zala sizinkathanso kumanga timitolo, choncho anawapatsa ntchito yokung'untha ndi kusankha masamba a pansi, a fumbi kwambiri aja. Akatuluka m'chigafa ankalowa m'khitchini yopanda windo, ya nkhuni ziwisi. Akati apume, amuna awo ankagwira thumba la chijasi n'kunena kuti munthu wa magazi otere akamadzinamiza kudwala amachimwira Mulungu. Iwo eni ntchito yawo m'chigafa inali kuima pakhomo n'kumaloza.

Chifuwa chinayamba chaching'ono, chouma, chopanda makhololo. Kuno kwathu chifuwa chikapitirira milungu ingapo aliyense amaganiza za chifuwa chachikulu, ndipo a Gelesomu anaganiza zomwezo, mokweza. Katatu konse anapita nawo kuchipatala chapafupi kukapereka makhololo, amene ankachita kuvutikira kuti atuluke. Katatu konse sanapezemo kanthu. Wachipatala wa kumeneko ankatsegula kabuku, osapezamo liwu lililonse la zimene anayeza mumzinda, pamene pepala lili m'thumba la munthu amene waima pambali pake akumuphunzitsa ntchito. Pobwerera a Gelesomu ankati ana a masiku ano sadziwa kuyang'ana m'makina.

Kukwaya ndi kumene tinayenera kuzindikira tonse. Mzere umene a Nambewe ankaukoka osapuma anayamba kuudula pawiri, kenako patatu. Kenako ankangogwedeza milomo. Kenako anasamukira ku benchi ya kumbuyo, n'kumawomba m'manja ndi zikhatho zokha poti zala zinali zitakana. Tinkaona. Koma pepala linali ndi pulasitiki, ndipo chinthu cha pulasitiki sichitsutsidwa.

Tiyamike anabwera pa holide n'kupeza mayi ake atakhala pamwala pakati pa mjigo ndi nyumba, opanda ndowa, akupuma wefuwefu ngati athamangitsidwa. M'mawa mwake anawakweza minibasi. Abambo ake anatsatira, ndi chijasi.

Dokotala wa ulendo uno anali wina, bambo wachikulire. Anamvetsera kumsana kwa nthawi yaitali, kenako anapatsa Tiyamike chomvetseracho kuti amve yekha. Akuti linali phokoso ngati ukuponda masamba a fodya ouma. Atajambula, chithunzi chinaonetsa kunsi kwa mapapo onse awiri kuli timaenje ngati zisa za njuchi. Dokotala anafunsa ngati mayiwo anayezedwapo magazi a nyamakazi. A Gelesomu anamwetulira, n'kupisa m'thumba.

Dokotala anawerenga kutsogolo, anatembenuza, anawerenga kumbuyo. Pulasitiki inali itasunga chilichonse bwino kwambiri, ndi deti lomwe.

"Bambo, apa analemba kuti mubwere nawo pakatha miyezi itatu adzajambulidwe m'chifuwa. Analembanso za utsi ndi fumbi. Papita zaka ziwiri. Munali kuti?"

"Magazi anali ochuluka, adokotala. Ife a chipatala..."

"Amenewa si magazi."

Ndipo anafotokoza m'Chichewa choti mwana angamve, akuyang'ana a Nambewe, osati chijasi. Atamaliza, Tiyamike ndiye analankhula.

"Ababa, vulani chijasicho."

Sanavule. Anawerama kufupi ndi dokotala n'kufunsa motsitsa mawu, ngati akupulumutsa mnzake amene walakwitsa pagulu, kuti kodi makina a masiku ano sasokoneza manambala? Chifukwa m'nthawi yawo nambala yaikulu inali yabwino.

A Gelesomu onse ndi amenewo. Kusamva Chingerezi si tchimo; kukanakhala tchimo, ngakhale ine ndikanakhala kumoto kalekale. Kusokoneza nambala ya zida ndi nambala ya magazi, aliyense wa kuno akanatha kutero, poti magazi amene timawadziwa ndi ochepa kapena ochuluka basi. Koma munthu kuuzidwa pamaso pa mkazi wake amene akukanika kupuma, pepala lili patebulo, n'kuona kuti chofunika kuchiteteza m'chipindamo ndi chijasi, ameneyo ndilibe naye misozi.

Dokotala sanawanamize. Anati zipsera za m'mapapo sizichoka, ndipo ngakhale akanabwera pa miyezi itatu ija sakanalonjeza kuchiza. Koma akanatha kufooketsa asilikali opandukawo ndi mankhwala, akanawachotsa m'chigafa ndi mu utsi, ndipo mwina kuuma kwa mapapo kukanayenda pang'onopang'ono. Ndi nthawi yochuluka bwanji imene inatayika, palibe akudziwa. Mwina zaka, mwina dzinja limodzi. Koma inali nthawi ya a Nambewe, siinali ya munthu wina kuti aiike m'thumba.

Anakhala miyezi isanu ndi umodzi, akulowa ndi kutuluka m'chipatala. M'wodi ankapumira pa paipi ya okosijeni, kunyumba ankagona chokhala atatsamira matumba a chimanga. Sanadandaule za amuna awo ngakhale kamodzi. Anamwalira m'nyengo yozizira. Pamaliro awo, a Gelesomu anapempha kulankhula, ndipo tinawalola poti tinkayesa kuti tsiku lovomera kulakwa lafika. Anaimirira n'kuuza khamu kuti akazi awo anali munthu wamphamvu, wa magazi ochuluka, mpaka pamene a mumzinda anayamba kuwapopa timabotolo ulendo uliwonse. Tiyamike anadzuka n'kukalowa m'nyumba. Amalume athu anawerama n'kundinong'oneza kuti nkhani ya kusudzula isachedwe. Siinachedwe.

Ku Nathenje ndinakawaona kamodzi, chaka chatha, Tiyamike atandituma ndi bulangete. Ndinawapeza pansi pa mtengo, chijasi chitasanduka chachikasu, kolala itanyenyeka. Ndisanatsike bwino pa njinga, chala chinali kale pachikope changa.

"Achepa, Pulofesa. Ukuwerenga kwambiri, mabuku amayamwa magazi."

Panali bambo wina amene anabwera ndi bondo lotupa. A Gelesomu anapisa m'thumba, n'kutulutsa pepala lomwe lija, n'kumuonetsa mkombero wofiira. Ankamuuza kuti aone yekha mmene anakwezera magazi a akazi awo ndi bonongwe yekha. Ndinaika bulangete pansi. Ulendo uno ndinalankhula: ndinauza bamboyo kuti apite kuchipatala, ndipo akalowa kwa dokotala alowe yekha. A Gelesomu anaseka, n'kumuuza kuti asandimvere, ndine telala.

Anamwalira sabata yatha atagwa pa bawo, mbali imodzi itafa. A chipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, kumene sanayezetsepo poti wachipatala sayezedwa. Abale awo anayala chijasi pamwamba pa bokosi, ndipo wowerenga mbiri anawatcha dokotala wathu katatu. Ndinkawerenga pa zala.

Pobwerera ndinadutsira panyumba yawo yakale kwathu kuno. Palibe amene wakhalamo chimwalirire a Nambewe. Chitseko chili ndi loko wa dzimbiri, ndipo pakhonde, pamene odwala ankakhala pamzere kudikira chala, pakugona mbuzi. Benchi inathyoka mwendo umodzi n'kugwada. Pakhoma pakadali msomali waukulu umene ankapachikapo chijasi, ndipo pansi pake laimu ndi woyererapo kuposa kwina konse. Kuseri kuli mabotolo a zakumwa zofiira aja, mulu wofika m'mawondo, ena mwalowa dothi, ena mwamera udzu. Chigafa chinagwa ndi mvula ya chaka chatha, mitengo yake anthu akuisolola umodziumodzi kukasonkhera moto. Khitchini yokha ndi imene yaima bwinobwino, yakuda bii m'kati mpaka kudenga.

Ndili chiimire pomwepo, a Nachisale a nyumba yoyandikana anatuluka ndi lichero. Ndi amene ankamanga a Nambewe chitenje m'mawa uliwonse.

"Mwayenda bwanji kumaliro, a telala?"

"Tayenda bwino, amayi. Tawaika."

"Ndi chijasi chawo?"

"Ndi chijasi chawo."

Anapeta kangapo. Ine, poti ndine wa mabuku, ndinayamba kuwafotokozera za asilikali a m'thupi ndi zida zawo, ndi kuti a Nambewe anakhala zaka ziwiri osadziwa kuti pepala linkawachenjeza. Anasiya kupeta.

"Osadziwa ndani? Anadziwa tsiku lomwe lija. Atangotsika minibasi anabwera kuno, nakhala pamene mwaimapo. Anati, 'Nachisale, mtsikana uja pozunguliza nambala sanaseke. Nkhani yabwino munthu amaseka.' Ine ndinati bwererani mukafunse. Anati adikira kaye inu muwerenge, poti inu simunama."

Anauzira mankhusu, n'kupitiriza.

"Lamulungu lija mutachoka anabweranso. Anangoti, 'Owerenga awiri agwirizana. Ine ndinenenso chiyani?'"